Mbendera Yofiira pa Nyanja ya Bata

Padoko pathu palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni alamu anga. Onse amangoti Ambendera, ngakhale ana amene sanayambe sukulu. Ine ndimati alamu chifukwa anakwatira akulu anga, ndipo ndakhala ndikukangana nawo kuyambira tsiku limene anabwera koyamba kwathu atavala jekete yobwereka, manja ake akulekezera pakati pa mkono. Ndinawauza pomwepo kuti mwini jeketeyo akuifuna. Anandiyang'ana nkuyankha mwaulemu kuti akabweza madzulo. Munthu wake ndi wotero, nthabwala amaiyankha ngati funso la kukhoti.

Ntchito yawo ili kumapeto kwa doko, m'kaofesi ka chipinda chimodzi. Muli tebulo, mpando wothyoka chotsamira, kabati yosungiramo mbendera, ndi wailesi yolankhulirana ndi a zanyengo. Panja pali mlongoti wachitsulo umene amaupaka penti okha dzimbiri likangoyamba. M'mawa uliwonse a zanyengo amawerenga pa wailesiyo mmene kunja kukhalire kudera lathu la nyanja: lero, mawa ndi mkuja. Alamu amamvetsera ataimirira, chipewa chili m'manja, ngati akuimba nyimbo ya fuko. Akamva kuti kukhala bwino amakweza mbendera yobiriwira, ndipo aliyense amapita kumene akufuna. Akamva kuti kukubwera mphepo yamphamvu amakweza yofiira. Yofiira ikakhala m'mwamba palibe chonyamuka, kuyambira sitima yonyamula anthu kupita kutsidya mpaka kabwato ka msodzi.

Ine ndili ndi malo ogulitsira tiyi moyang'anana ndi kaofesiko, ndiye zonse zimachitika ndikuona. Tsiku la mbendera yofiira kwa ine ndi labwino, chifukwa munthu wosowa kopita amamwa tiyi kawiri. Koma kwa alamu linkakhala tsiku lotukwanidwa. Amalonda amene tomato wawo akuwola, asodzi, amayi opita kusikelo ndi ana kumsana, onse ankaunjikana pakhomo pawo.

"Ambendera, maso muli nawo? Mphepo yake iti? Onani nyanja ili phee!"

"Ndikuiona, bambo," ankatero alamu. "Koma mbendera simvera maso anga. Imamvera wailesi."

Mawu amenewo ndinawamva mpaka kutopa nawo, koma kumene anachokera ndikukudziwa. Alamu asanalowe m'kaofesiko ankagwira ntchito yomanga zingwe za sitima. Nthawi imeneyo mbendera inali m'manja mwa mkulu wina wokondedwa ndi anthu, amene ankati akamva wailesi amatuluka panja, nkuyang'ana kumwamba, nkusankha yekha. Nthawi zambiri ankalondola. Tsiku lina sanalondole, ndipo sitima inatembenuzika doko likuonekera. Alamu anali m'gulu la amene ankavuula mitembo. Anavuula mayi wina amene anali atagwirabe kansapato ka mwana m'dzanja, mwanayo osapezeka. Sanafotokozepo zambiri za tsikulo. Akulu anga ndi amene anandiuza kuti kwa miyezi ingapo bamboyu sankatha kumwa madzi m'kapu osayamba waima kaye ndi kupuma.

Akulu angawo anali telala. Makina awo anali pakhonde la nyumba yawo, kuseri kwa msika, ndipo ukamadutsa unkayamba kumva kuseka kwawo usanamve makinawo. Mbendera zonse za padoko ankasoka ndi iwo, chifukwa zobwera kuchokera kulikulu zinkasuluka msanga ndi dzuwa, yofiira nkumaoneka ngati ya pinki. Mmene mkazi wosekaseka chonchija anagwirizanira ndi mwamuna wa nkhope ya Lolemba, ine sindinamvetsepo. Ankawatcha Bwana Mphepo. M'mawa alamu akabwera kudzamwa tiyi kunyumba, akulu anga ankawafunsa:

"Bwana Mphepo, lero ndichape?"

Alamu ankaika kapu pansi nkuyamba: "Lero kukhala kotentha, mitambo pang'ono chakumadzulo. Mawa..."

"Ndafunsa za lero, bambo inu. Zovala za mawa sizinade."

Pamenepo pokha m'pamene ndinkaona mano a alamu. Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene anakula nkukhala mphunzitsi. Anatenga kuseka kwa mayi ake ndi liuma la bambo ake, ndipo ine amanditcha amayi aang'ono.

Matenda anawayamba akulu anga m'nyengo yozizira. Ankadandaula m'mimba, chakudya nkumachisiya m'mbale, madiresi awo omwe nkumawabweza m'chiuno pa makina. Kutangoyamba kutentha, chipatala chathu chaching'ono chinawatumiza kuchipatala chachikulu, kutsidya la nyanja. Mwana wawo anapempha tchuthi kusukulu nkupita nawo kukawadikirira. Alamu anawaperekeza mpaka pakhomo la sitima, mbendera yobiriwira ili m'mwamba, nkubwerera ku wailesi yawo. Anagwirizana kuti azipita kukawaona pa masiku opuma, ndipo ankapitadi.

Kuti mumvetse zimene zinachitika muyenera kudziwa njira zathu. Kutsidya kuli njira ziwiri. Sitima imanyamuka m'mawa, pofika masana mwafika. Njira ina ndi ya pamtunda, yozungulira nyanja kudzera m'mapiri. Kumeneko kumapita lole imodzi patsiku, imene imanyamuka kuseri kwa msika m'mawa, kugona panjira, nkukafika madzulo a tsiku lotsatira, anthu ali mbuu ndi fumbi. Muyeneranso kudziwa kuti chiyambi cha nyengo yotentha ndi nthawi imene nyanja yathu imanama. M'mawa imagona ngati mafuta m'poto, kenako mphepo imatsika m'mapiri osagogoda.

Foni ya alamu inalira m'mawa wina ndikukoleza mbaula. Alamu anali ataimirira pakhomo panga, kudikira kuti wailesi iyambe. Anali mwana uja. Anati madokotala atsegula m'mimba nkutsekanso, palibe chimene angachite, ndipo akuti abale abwere. Kenako anapereka foni kwa mayi ake. Mawu awo ndinkawamva pang'ono, ofooka koma awo omwe.

"Bwana Mphepo, mubwere ndi juzi yanga ya buluu. Kuno m'mawa kumazizira. Ndi chipeso chachikulu chija, tsitsi langa lasanduka chisa."

"Ndikubwera lero lomwe," anatero alamu.

Anathamangira kunyumba, nkubwera ndi kachikwama. Ine ndinazimitsa mbaula, ndinamanga kanga kampukutu. Akaputeni, amene amayendetsa sitima, anali atalizitsa kale injini. Ndiye wailesi inayamba. Mayi wa zanyengo anawerenga ndi mawu ake a tsiku ndi tsiku: kudera la nyanja kukhala kotentha, koma kukuyembekezeka mphepo yamphamvu kuyambira lero, mawa mpaka mkuja, ndipo oyenda pamadzi achenjere.

Ndinawaona alamu akutsegula kabati. Ndinawaona akutulutsa yofiira, yosokedwa ndi mkazi yemwe uja, nkuimangirira pachingwe. Mfundo anamanga bwinobwino. Mbendera inakwera nkungolendewera pamlongoti, chifukwa kunalibe ngakhale kamphepo koigwedeza. Akaputeni anazimitsa injini.

"Alamu," ndinatero, "lole sinanyamuke. Thamangani. Mbendera asunga akaputeni."

Ine lole sindikanaikwera. Msana wanga unandikana kalekale, ndipo njira ya m'mapiri ikanandifikitsa ndili wodwala wachiwiri. Koma iwo anali ndi mphamvu zawo, ndipo abwana awo anali atawaloleza kale pa foni. Alamu anatuluka panja nkuyang'ana kumwamba, kumapiri, kumadzi. Munthu amene wakhala moyo wake wonse padoko amadziwa fungo la mphepo, ndipo m'mawa umenewo kunalibe.

"Mphepo iyi sibwera," anatero chapansipansi. "Mawa achotsa chenjezo. Sitima ya mawa ifika masana, lole ifika madzulo. Ndikakwera lole ndichedwa."

Masamu ake anali olondola, ndipo nane ndinavomera. Lole inanyamuka tikuimva. Tsiku lonselo nyanja inali bata, abakha akusambira mpaka pansi pa doko. Anthu anatukwana monga mwa masiku onse, koma nkhani ya akulu anga itamveka, anayamba kudutsa pakaofesiko mwakachetechete.

Kutacha tinabweranso, iwo ndi kachikwama, ine ndi kampukutu. Wailesi inati mphepo yachedwa koma ikubwerabe, chenjezo likadalipo. Alamu anachita chimene sanachitepo chilowereni ntchito: anayankha.

"Amayi, kuno kudoko kuli bata. Dzulo lonse kunali bata."

"Tikudziwa, bambo," anatero mayi wa zanyengo, mwaulemu ndithu. "Mphepoyo tikuiona, yaima kuseri kwa mapiri. Ikhoza kutsika nthawi ina iliyonse. Sitingachotse chenjezo ili pomwepo."

"Zikomo, amayi."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanamuuzire za mkazi wawo. Anati, "Akanatani? Akanaibweza mphepoyo?" Nkukweza yofiira.

Akaputeni anabwera, munthu wamkulu thupi, wa mawu ngati ng'oma, koma tsikulo ankalankhula monong'ona.

"Achimwene, tsitsani kansaluko mpaka masana basi. Ndikuwolotsani mwachangu, ndibwerera dzuwa lisanalowe. Mlandu ukhale wanga."

"Sitima ikangolira, anthu onsewa akwera," anatero alamu. "Muwakaniza bwanji? Onani ana ali apowo."

Akaputeni anayang'ana anthu amene anagona m'chipinda chodikirira, akatundu awo ali mbwee, nkubwerera kusitima. Kenako kunabwera msodzi wina wa boti la injini, amene alamu anamulanditsapo chilolezo chaka china chifukwa chonyamuka pa yofiira. Ameneyo ndi amene anandiliza.

"Ambendera, zakale zija tiiwale. Boti langa lili kuseri kwa miyala uko. Inu, amayiwa ndi ine, atatu basi. Palibe adziwe."

"Adziwa onse," anatero alamu. "Doko lili ndi maso. Tsiku lina ndikadzakweza yofiira adzati, si yomwe ija anawoloka nayo mwini wake? Ikatero yatha ntchito, yasanduka nsanza. Ndipo adzafe tsikulo si ine."

Pamenepo ndinapsa mtima, ndipo sindinasankhe mawu.

"Ndiye kwerani lole, munthu wamakani inu! Ngati mukuikhulupirira wailesi, mphepo ikubwera, sitima sinyamuka, kwerani lole. Ngati mukukhulupirira maso anu, mphepo kulibe, tsitsani mbendera. Sankhani chimodzi! Mapanga awiri avumbwitsa, alamu!"

Anandiyang'ana ndi maso ofiira. "Ndikakwera lole lero ndifika mawa madzulo. Sitima ya mawa ifika masana. Sangasunge chenjezo mpaka mawa kunja kuli chonchi, mlamu. Sangatero."

Anali masamu omwe aja a dzulo, ndipo analinso olondola. Msampha wake unali umenewo: m'mawa uliwonse sitima ya mawa inkaoneka yachangu kuposa lole ya lero. Dzanja lawo linkamvera wailesi, mtima wawo unkamvera maso, ndipo miyendo inangoima pakati. Lole inanyamukanso.

Masana alamu anaimba foni kuchipatala. Mwana anati amayi akugona kwambiri, akadzuka amalankhula pang'ono. Anafunsa funso limodzi: "Adadi, muli kuti?" Alamu anayamba kufotokoza za chenjezo, za mphepo imene yaima kuseri kwa mapiri. Foni inaduka, ndipo sikuti inatha moto. Anakhala pampando wothyoka uja, kachikwama pamiyendo. Ndinawapititsira tiyi, ndinakamutenga atazizira, ntchentche itagweramo.

M'mawa wotsatira wailesi inanena zomwezo. Alamu anakweza yofiira, anapereka makiyi a kaofesi kwa akaputeni, nkunyamula kachikwama kulunjika kumsika. Ndinawatsatira pang'onopang'ono ndi msana wangawu. Anapeza malo pamwamba pa matumba a makala, munthu wa zaka zawo, atakumbatira kachikwama ngati khanda. Lole inanyamuka. Sinafike patali. Dzuwa lisanafike pamutu ndinaona munthu akubwera wapansi mumsewu wa kumapiri, fumbi mpaka m'nsidze. Foni inawapeza panjira, ndipo anapempha dalaivala kuti awatsitse. Anafika pakhomo panga nkuima.

"Mlamu," anatero, "akulu anu atisiya."

Ndinalira mokuwa, pamsewu pomwepo, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinalira akulu anga amene anandilera amayi atamwalira, amene anandisokera diresi la ukwati ndi la maliro a mwamuna wanga. Ndinaliranso ndi mkwiyo, chifukwa kumbuyo kwa alamu nyanja inali gonee, yosalala, yoti ngakhale beseni likanawoloka. Akanakwera lole tsiku loyamba lija akanawapeza ali moyo, akanawaveka juzi, akanacheza nawo. Zimenezi palibe anawauza. Ankazidziwa okha kuposa tonsefe.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Mphepo ija inatsika tsiku lotsatira, m'mawa, nthawi yomwe sitima imakhala pakati pa nyanja. Sindinaonepo yotero. Inasasula denga la chipinda chodikirira, inaphwanya mabwato amene anali pamchenga, mafunde nkumadumpha doko mpaka kuzimitsa mbaula yanga. A zanyengo sananame, anangophonya tsiku. Thupi la akulu anga silikanawoloka pamadzi otero, ndiye linabwera pa njira ya m'mapiri, mwana wawo atakhala pambali pa bokosi ulendo wonsewo.

Pamaliro anthu ankabwera kudzawagwira dzanja alamu. Ankati, "Ambendera, mwatipulumutsa. Mphepo ija ikanatipeza pamadzi bwenzi tikulira mudzi wonse." Alamu ankangogwedeza mutu. Kuyambira nthawi imeneyo palibe amene amatsutsana nawo. Yofiira ikakwera, asodzi amakoka mabwato awo osanena kanthu, amalonda amabwerera ndi madengu awo. Ali pantchito mpaka lero, tsitsi layera, mlongoti amaupakabe penti. Tsiku lina anandiuza kuti amalakalaka wina atabwera kudzawatukwana ngati kale. Anthu amawapatsa ulemu umene umapatsidwa kwa munthu amene analipira mtengo woopsa, ndipo ulemu umenewo umawakumbutsa mtengowo m'mawa uliwonse.

Koma pali chimene anthu a padoko sadziwa, chifukwa chinanenedwa tili atatu. Maliro atatha, abale atabalalika, mwana uja anabwera kudzalongedza zinthu za mayi ake. Chibwerereni kuchipatala anali asanalankhule ndi bambo ake kupitirira moni. Ine ndinkapinda nsalu za makasitomala zimene zinatsala zosasoka, iye ankapukuta makina, alamu anakhala pampando pafupi ndi chitseko. Kachikwama kaja kanali pakona, kosatsegula.

Alamu ndi amene anayamba. "Mwana wanga, amayi ako anandifunsa?"

Mwanayo sanatembenuke. Anapitiriza kupukuta gudumu la makina.

"Anakufunsani, adadi. Nthawi ya sitima ikakwana ankandiuza kuti ndiwadzutse, ndiwakhazike, ndiwapukute kumaso. Anthu a sitima osabwera. Ndiye anati, pita pawindo, ukaone nyanja ili bwanji. Bedi lawo linali kukhoma, windo linali kutali, sankaona panja."

Anaika kansanza pansi.

"Ndinapita pawindo. Nyanja inali phee, adadi. Mapiri a kuno ankaoneka m'madzi. Ndinaima pamenepo, ndikuganiza kuti ndikawauza chiyani amayi anga. Ndinabwerera nkuwauza kuti kunja kwaipa, kuli chimphepo, mafunde akufika mumsewu."

Alamu anagwira chipewa chawo ndi manja onse awiri.

"Amayi anapumira m'mwamba. Anati, ayi ndiye bwino, ndimadabwa. Uwauze bambo ako asayerekeze, ndikuwadziwa, akhoza kubwereka bwato chifukwa cha ine. Mawa lake anafunsanso, ndinanamanso. Ndinawonjezera kuti mitengo ikugwa. Anaseka pang'ono, anati Bwana Mphepo lero ali pantchito. Tsiku lomaliza sananditumenso pawindo. Ankangoti, mphepo ikadalipo? Ine nkumati ikadalipo, amayi."

Panja wina ankaitanira makala.

"Unachita bwino, mwana wanga," anatero alamu. "Zikomo."

Apa m'pamene mwanayo anatembenuka nkuwayang'ana, misozi ikutsika koma nkhope ili gwa.

"Musandithokoze, adadi. Sindinachitire inu. Amayi anapita akukhulupirira kuti mphepo ndi imene inakuletsani kubwera. Ine ndi amene ndinaima pawindo."